Kuyeza liwiro la phokoso ndi mafoni awiri: alipo anayesapo?

Mayi wa Fizikisi:
Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndatopa ndi kungolemba pabolodi kuti phokoso limathamanga mamita 340 pa sekondi, ana n'kumaloweza ngati vesi. Tinayesa njira ya m'buku ija, yoima patali ndi khoma la holo, kuwomba m'manja n'kudikira phokoso libwerere. Koma chala cha mwana chisanadine wotchi, phokoso labwera kalekale. Gulu lina linapeza 200, lina 500. Ndamva kuti mafoni amatha ntchito imeneyi. Zimayenda bwanji? Labu yathu ndi dzina chabe.

Chidule:
Mayi, ikani pulogalamu ya pafoni yotchedwa phyphox. Ndi yaulere, anaipanga a pa yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany, ndipo mukaiika sifunanso bandulo. Tsegulani Acoustic Stopwatch pa mafoni onse awiri. Wotchi imeneyi imayamba ikamva phokoso, n'kuima ikamva lachiwiri.

Ikani mafoniwo motalikirana mamita 5, muyeze ndi tepi. Mwana woyamba awombe pafupi ndi foni A. Mafoni onse awiri ayamba kuwerenga nthawi, koma B yayamba mochedwa pang'ono poti phokoso linali likuyenda. Kenako mwana wina awombe pafupi ndi B. Pano B iima msanga, A mochedwa. Chotsani nthawi ya B pa ya A: yotsalayo ndi imene phokoso layenda ulendo wopita ndi wobwera, mamita 10. Muyembekezere pafupifupi masekondi 0.029. Gawani 10 ndi nambala imeneyo, basi.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti wachiwiriyo akhoza kuzengereza mmene angafunire, yankho silisintha. Apatseni ana afotokoze okha chifukwa chake, pamenepo m'pamene pali fizikisi yeniyeni.

Mphunzitsi wa ku Chigwa:
Zoona a Chidule, koma musachitire m'kalasi. Makoma amabweza phokoso, foni n'kuima isanakwane nthawi. Pitani pabwalo la mpira, ena onse ali m'makalasi. M'malo mwa manja gwiritsani matabwa awiri, amalira mwamphamvu ndiponso mwachidule. Mukwezenso threshold, womwe ndi mlingo wa kukula kwa phokoso loyambitsa wotchi, apo ayi mbuzi ikangolira wotchi yayamba.

Ana akapeza 350 musawalembe molakwa. Liwiro ndi 331 pa 0°C, ndipo limakwera ndi 0.6 pa digiri iliyonse. Pa 20°C ndi 343, koma kuno ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, kukafika 35°C, ndi 352.

Mayi wa Fizikisi:
Zikomo kwambiri. Nanga mphepo siisokoneza? Kwathu kuno imaomba masana onse.

Chidule:
Pang'ono zedi. Popita imakankha phokoso, pobwera imalibweza, ndiye zimangofafanizana. Vuto lake ndi kuuzira m'maikolofoni, choncho mafoni muwagoneke pansi. Koma kaye kambiranani ndi a hedi, poti ana saloledwa kubwera ndi mafoni. Wanu ndi wa mphunzitsi mnzanu akwanira.