Amayi akumulemekeza mopitirira mwana wasukulu wochokera kunja, ndiwauze bwanji?

Mwana wa ku Ngabu:

Abale anga a kuno kuchigwa, ndithandizeni nzeru. Kumudzi kwathu kufupi ndi Ngabu, amayi alandira mtsikana wa ku Germany amene akuphunzira zaulimi ku yunivesite ya kwawo. Wabwera kudzaona mmene timalimira mapira ndi mbewu za kudimba, ndipo akhala pakhomo pathu mpaka mvula itakhazikika. Ine ndimagwira ntchito ku Blantyre, ndimatsika Thabwa pakutha pa mwezi basi.

Ulendo wapitawu ndinapeza zinthu zisakuyenda, ngakhale palibe wakangana ndi mnzake. Amayi amamuphikira nsima yoyera payekha, n'kumuikira patebulo m'nyumba, pomwe ena tonse tikudya ya mapira pamkeka panja. Nkhuku za pakhomo zikutha. Akanyamula ndowa kuti atsagane ndi alongo anga kumjigo, amayi amamulanda. Akagwira khasu, akuti, "Alendo, khalani pamthunzi, mupsa ndi dzuwa."

Mtsikanayo anandiuza misozi ili m'maso kuti akamadya yekha amamva anthu akuseka panja, ndiye amaganiza kuti mwina analakwitsa penapake. Amayinso nditawafunsa anati, "Mwana wa eni wachokera kutali, anthu adzati chiyani akamuona atasenza madzi pakhomo panga?" Onsewa ndikuwamvetsa, ndipo zikundipweteka. Ndiyambire pati kuti amayi asaone ngati ndikuwanyozera ulemu wawo?

Mayi wa kwa Tengani:

Mwanangu, choyamba usapite kukawadzudzula mayi ako. Sanalakwe. Kwathu kuno mlendo sagwira ntchito, sadyera pansi, ndipo mzimayi amene mlendo wake waonda amakhala nkhani kumjigo. Chovuta n'choti uyu si wogona n'kumapita, ndi mwana wobwera kudzakhala, ndiye amayi ako sanapeze poyambira kumusintha kukhala wa pakhomo. Iwe mwamuna nkhani ya kukhitchini siikuyenera. Tuma azakhali ako kapena mnzawo wa kumvano, akalankhule akusenda nyemba, zimveka msanga.

Koma mfundo yeniyeni ili kwa mtsikanayo. Umuuze asiye kunena kuti "ndikuthandizeni". Mayi akamva zimenezo kwa mlendo amamva ngati akuuzidwa kuti ntchito yamukanika. Azinena kuti, "Amayi, ndiphunzitseni." Palibe mzimayi wa kuno amene angakane kuphunzitsa mwana kupeta. Ayambe ndi zazing'ono: kugwira lichero, kusonkhezera moto, kusinja mapira mumtondo mosinthana ndi alongo ako. Adzatayatu, gaga adzamulowa m'maso, anthu adzaseka, nayenso aseke nawo. Kusekana kumeneko ndi kumene akukusowa.

Avalenso chitenje, ndipo nthawi ya chakudya ikamayandikira akhaliretu pamkeka pakati pa atsikana mbale zisanatuluke. Munthu amene wakhala kale pansi n'kusamba m'manja sungamudzutse.

Wazaumoyo wa ku Chikwawa:

Ndikugwirizana ndi amayiwa, koma pa nkhani ya dzuwa mayi anu akunena zoona, muwauze choncho. Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ngakhale ife obadwira konkuno timafooka. Kudimba azipita kusanache, dzuwa likangokwera abwerere. Madzi azimwa pafupipafupi, owiritsa kapena othira kolorini, ndipo mijigo ina kuno ndi ya madzi amchere, mumupezere wabwino.

Kukatentha anthu amagona panja, iyenso adzafuna, koma neti isasowe ngakhale pakhonde. Thupi lake silinakumanepo ndi malungo, ndiye akangotentha thupi mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kusamba mu Shire kapena m'zithaphwi ayi ndithu: kuli ng'ona, kulinso likodzo. Apa mpamene amayi ayenera kukhwimitsa, osati pa ndowa.

Mphunzitsi wopuma wa ku Bangula:

Ine chandikhudza ndi nsima yoyerayo. Mwana wadutsa maiko kudzaphunzira za mapira, ndiye mukumubisira nsima ya mapira? Abwerera kwawo ndi chithunzi chabodza. Mapira ndi mchewere ndiwo amatisunga chaka chimene chimanga chapserera, ndipo si zochititsa manyazi. Muloleni alawe zonse, mlamba wowamba, mbatata ya kudimba, phala la malambe. Ngakhale nyika, zimene anthu amakazula m'madambo nthawi ya njala, amuonetse n'kumufotokozera kuti zimadyedwa liti.

Ndikunena izi chifukwa chigwa chathu chimamveka pa wailesi madzi akasefukira basi. Anthu akumtunda amatinena kuti ndife osamva, timabwerera dala m'mbali mwa mtsinje. Mtsikanayo akhale pansi ndi akuluakulu amene anaona madzi a mu Januwale 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Amufotokozere okha kuti madzi akaphwa amasiya dothi lachonde, ndipo chimanga, nyemba ndi mbatata za m'chilimwe zimachokera pomwepo popanda feteleza. Amuuzenso zimene anataya, asamubisire. Wophunzira zaulimi akamva mbali zonse ziwiri adzatiyankhulira zoona kumene akupita.

Kaya munakamuonetsa kale kwa amfumu? Ngati ayi, chitani zimenezo msanga. Maliro akagwa m'mudzi apite pamodzi ndi azimayi, akakhale chete, foni ili m'thumba. Zithunzi azijambula atapempha. Ndipo ngakhale akuphunzira Chichewa, moni wa Chisena aziudziwa, agogo ambiri mtima wawo umatseguka ndi umenewo.

Mlongo wa ku Nchalo:

Achimwene, pali chimene ena sanachikhudze. Mwati nkhuku zikutha. Fufuzani bwino ngati amayi sanayambe kugulitsa mbuzi kapena kukongola kuti agule mpunga, shuga ndi mafuta. Azimayi athu salankhula, amangozipanikiza kuti mlendo asaone kusowa. Kwathu tinasungapo mnyamata wasukulu wochokera kunja, ndipo chimene chinatithandiza n'choti tinagwirizana poyera kuti azipereka kangachepe pa ndiwo ndi sopo, ngati mmene amachitira mwana aliyense wapantchito. Amayi anu ndalama m'manja mwa mlendo sangalandire. Mtsikanayo azipita kumsika wa Ngabu ndi alongo anu, agule nsomba ndi tomato, abwere nazo azisiye kukhitchini.

Mwana wa ku Ngabu:

Zikomo nonse, mwandimasula. Azakhali ndawaimbira, avomera kukacheza ndi amayi Loweruka, ndipo mtsikanayo ndamulembera mawu oti azinena aja. Za mbuzi ndifunsa mlongo wanga wamng'ono, iye sandibisira. Aphunzitsi, kwa amfumu anapita tsiku lomwe anafika. Funso langa kwa inu azaumoyo: madzi a mjigo wathu amamveka kamchere pang'ono, kodi kuwiritsa kumathandiza, kapena tizikamutungira kwina?