Stella ndi Estrela ndi dzina limodzi kapena ayi?

Abale ndithandizeni nzeru. Madam achira Lachiwiri lapitali, mwana wamkazi. Ine ndinati akhale Stella, dzina la malemu mayi anga, koma apongozi omwe kwawo ndi ku Angonia akuti ayi ndi Estrela basi, moti ayamba kale kumuyimbira dzinalo akamamusambitsa mubeseni, ine ndimangoyang'ana poti apongozi sungawatsutse maso ndi maso. Alamu anga akuti tikulimbana zachabe, onsewo ndi nyenyezi. Ndi zoona? Nanga e ndi r uja akuchokera kuti? Lolemba tikupita kusikelo, pakhadi tilembe chani?

Mphunzitsi wopuma: Mafuta ali pati bambo? Alamu anuwo sakunama. Stella ndi Chilatini, kutanthauza nyenyezi, Ataliyana mpaka lero amati stella, Apwitikizi estrela, ku Spain estrella, Afalansa étoile, ku Romania anangodula n'kukhala stea. E wakutsogoloyo musadabwe naye, anthu a ku Portugal, Spain ndi France lilime linkawavuta kuyamba mawu ndi st kapena sc nde ankaikako e, schola inasanduka escola ndi école. Ifenso timatero, si paja timati sukulu, sitolo?

Mwini funso: Zikomo aphunzitsi, nanga r?

Mphunzitsi wopuma: Ena amati anabwera chifukwa cha astrum, mawu enanso a nyenyezi omwe Aroma anabwereka kwa Agiriki. Pali lachitatu, sidus, koma limenelo silinayende malonda ngati stella.

Mayi wa kwaya: Akatolikafe timati Stella Maris, nyenyezi ya panyanja, ndi dzina la Amayi Maria, ku Blantyre kulinso sekondale ya atsikana ya dzina lomweli. Lembani Stella pakhadi, agogowo azimuitana mmene akufunira, dzina la pakhomo silipita ku boma.

Mnyamata wa ku Tete: Kuno Estrela ndi dzina labwinobwino, musawaone ngati akupeka agogowo.

Wina: Bwanji osangoti Nthanda, mkangano uthe?

Mphunzitsi wopuma: Nthanda ndi dzina lokoma zedi, bola musakalifufuze pa Chilatini. Pa Yesaya 14:12 pomwe Baibulo lathu likuti nthanda, la Chilatini likuti lucifer, wonyamula kuwala.

Mwini funso: Kkkk aphunzitsi imeneyo apongozi asayimve. Ndawawerengera zonse madam, akuti mayi awo ndikawauze ndekha, iwo sakulowererapo.