Pulasitala akumatuka pa nyumba yakale ya pafamu ku Thondwe

Womanga wa ku Thondwe: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndapatsidwa ntchito yokonza nyumba ya pafamu ya fodya, anamanga ndi agogo awo a eni akewa Zomba akadali likulu, 1975 isanakwane. Njerwa ndi zowotcha koma anamangira dothi, makoma onenepa, khonde kuzungulira. Wina anadzamata simenti khoma limodzi. Pano ndikagogoda ndi mpeni pakulira ngati ng'oma, ndikamatula njerwa ikufumbutuka m'manja, yonyowa. Eni ake akuti ndimatenso simenti wamphamvu. Mtima wanga ukukana.

Kalipentala wa ku Chinamwali: Achimwene, khonde la mbali imeneyo lilipo?

Womanga wa ku Thondwe: Linagwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Nsanamira zokha ndiye zatsala.

Mmisiri wa ku Domasi: Matenda ake ndi amenewo, mwana wanga. Makolo aja sankaika khonde kuti azingopungirapo mphepo ayi, linkateteza khoma ku mvula. Pansi sanayale pepala lakuda la pulasitiki lotchinga chinyontho lija timayala ifeli, ndiye chinyontho chimakwera kuchoka m'maziko n'kumatulukira m'khoma momwemo. Simenti wachitsekera njira. Gumulani yense, khoma liume mwezi wathunthu, chilimwe chino ndiye nthawi yake. Kenako mumate ndi muyeso umodzi wa laimu, miyeso itatu ya mchenga wamumtsinje, wosefa. Mopyapyala, kawiri, ndipo muziwaza madzi kuti asaume mothamanga. Ine ndinagwirapo nyumba zakale za boma kumtunda kwa tauni, laimu wake mpaka lero ali nga.

Kalipentala wa ku Chinamwali: Ndiwonjezere za denga. Palani phaso limodzi ndi mpeni mununkhize. Likanunkhira akhoza kukhala mkungudza wa ku Mulanje, chiswe sichiuyamba. Musalole aliyense awazire nkhuni, mtengowo kudula n'koletsedwa tsopano. Ndimamva chisoni ndikaona anthu akuchotsa zoterezi n'kuikapo paini wamuwisi.

Womanga wa ku Thondwe: Ndakwera, ndapala. Kafungo kake kadzaza m'chipinda monse! Mapaso awiri okha ndiwo awola kumapeto, pomwe malata ankadontha.

Mmisiri wa ku Domasi: Awiriwo dulani powolapo mulumikize. Muyang'anenso dothi ngati launjikana m'mbali mwa khoma, mulikokolole, mukumbe ngalande madzi azipita kumunda. Eni akewo auzeni kuti ndalama ya simenti agulire malata a khonde.

Womanga wa ku Thondwe: Zikomo madala. Ndawaimbira, avomera. Lolemba tiyamba kugumula.