TalkBack ikungowerenga masekondi pa sikirini ya OTP, thandizani

kodi_yausiku:
Anzanga, mutu wandizungulira. App ya Flutter (chida cha Google chopangira ma app), sikirini ya OTP (code yolowera kamodzi yobwera pa SMS), mabokosi 6, pansi pake timer ya masekondi 60. Kasitomala anabwera ndi munthu wosaona kuti ayese, sanadutse. TalkBack, yowerengera osaona zomwe zili pa sikirini ya Android, ikungoti 58, 57, 56 osapuma, ndiye akalemba nambala focus ikuthawira bokosi lina isananene zomwe walemba. Kufufuta ndiye osanena. Pofika nambala yachinayi nthawi yatha kale. Timer ili mu Semantics ya liveRegion: true poti designer anati azimva nthawi yotsala. Accessibility Scanner, app yofufuza zomwe zingavute aulumali pa sikirini, sikudandaula kanthu. Tikutulutsa Lachisanu!

mkulu_kotlin:
Vuto ndi Flutter yanuyo. Imajambula yokha chilichonse, kenako nkumanga semantics tree yongonong'oneza TalkBack kuti apa pali batani. EditText ya Android amadziwana nayo kalekale. Lembani native, ndi zida za Android zenizeni.

mayi_QA:
Achimwene, liveRegion imayankhula mawu akangosintha, ndiye inu mwaipatsa chinthu chosintha sekondi iliyonse. Manambalawo akulungeni mu ExcludeSemantics, pambali ikani kachiganizo kosintha kawiri kokha: nthawi ikayandikira kutha ndi ikatha. Gawo 2.2.1 la WCAG, malangizo opangira mawebusayiti oti aulumali azitha kugwiritsa ntchito, limati munthu achenjezedwe, apatsidwenso masekondi osachepera 20 oti awonjezere nthawi. Koma musathamangire SemanticsService.announce yolankhulitsa TalkBack mwachindunji, pa Android 16 anachita deprecate announceForAccessibility.

Mabokosi 6 aja ndi okondweretsa maso basi. Ikani TextField imodzi, AutofillHints.oneTimeCode, mizere ya mabokosiyo mungojambula pamwamba. Ndipo musatseke paste. WCAG 2.2 ya 2023 ili ndi 3.3.8, yosafuna kuti munthu azikakamizidwa kuloweza kapena kukopera manambala pamanja kuti alowe. Wosaonayo amamvera SMS ku app ina, kusunga manambala 6 m'mutu, kubwerera, timer ikumukuwira m'khutu.

kodi_yausiku:
Zikomo mayi. TextField imodzi designer akana, ndikuwadziwa. Bwanji ndingoyang'ana accessibleNavigation mu MediaQuery, TalkBack ikakhala yoyaka ndionetse sikirini ina?

mayi_QA:
Ayi ndithu. Sikirini yachiwiriyo palibe adzaikumbukire. Mudzasintha API, ya onse mudzaikonza, ya osaona idzafa mwakachetechete. Komanso si onse aulumali amayatsa TalkBack. Wonjenjemera manja, woona pang'ono amene amangokulitsa malembo, nawonso mabokosi ang'onoang'ono amawazunza.

pixel_wotopa:
Zokulitsa malembozi zinandionetsa zakuda chaka chatha. Tinalandira app yolembedwa ndi gulu lina, ma container onse a height yokhomerera. Android 14 imalola malembo kufika 200%. Bambo wina atakulitsa, batani la Tsimikizani linamira pansi pa keyboard, scroll kulibe. Amangosisita sikirini ndi chala kufunafuna. Titanena, mkulu wa project anati tingokhoma textScaler pa 1.0 kuti design isasokonekere. Ndinakana. Munthu wakulitsa malembo chifukwa sakuona, inu nkuwachepetsanso? Yesani sikirini yanuyo pa 200% musanakondwe, mabokosi 6 pa mzere umodzi sakwana.

mkulu_kotlin:
Mu native mumangolemba kukula kwa malembo mu sp, amakula okha munthu akakulitsa, nkhani yatha.

pixel_wotopa:
Akulu, height yokhomerera imadula malembo ngakhale mu XML. Musatinamize.

mkulu_kotlin:
Sindikunama. Werengani ma issue a accessibility pa GitHub ya Flutter muone kuchuluka kwake. Ine ndanena, native.

mayi_QA:
Munthu akutulutsa Lachisanu, alembenso app yonse? Za Scanner zija, musaidalire. Imagwira label yosowa, contrast, batani lochepera 48dp. Siingamve kuti timer ikusokosa. Yatsani TalkBack pa foni yeniyeni, tsekani maso, lowani nokha. Ngakhale apo musadzinamize, ife timayenda pang'onopang'ono ndi swipe, eni ake amathamangitsa mawu mwakuti inu simungamve kanthu. Muitanenso munthu uja, ndipo mumulipire, imeneyo ndi ntchito.

backend_chabe:
Masekondi 60 akuchokera kuti? Ngati ndi odikira resend, si nthawi yothera OTP. Onani ku server, mwina code imakhala mphindi zingapo koma inu mukutseka field pachabe. Musangotalikitsa expiry osalankhula ndi a security, adzakukwiyirani.

pixel_wotopa:
Kasitomalayo ngati ali ndi anthu ku Ulaya mumuuze kuti European Accessibility Act, lamulo la EU loti zinthu zizifikirika kwa aulumali, inayamba kugwira ntchito pa 28 June 2025. Designer akamva za lamulo amafewa. Muonenso kamawu ka resend, amakonda kukalemba kotuwa pa zoyera, contrast ya 4.5:1 yomwe WCAG imafuna sikafika.

mkulu_kotlin:
Nanga pa iOS VoiceOver, mnzake wa TalkBack, mwayesa? Mudzabweranso pano.

backend_chabe:
Tili pomwepa, alipo anagwiritsapo SMS Retriever API, yoti app izigwira yokha SMS ya OTP, posachedwa? Hash yanga ya release ikusiyana ndi ya debug, SMS sikugwidwa.