Mabotolo a mankhwala a chifuwa kuchipinda kwa mwana, ndipange bwanji?

Mayi a ku 25:
Anzanga ndithandizeni mtima suli m'malo. Dzulo ndikusesa kuchipinda kwa mwana wa achemwali anga amene ndimakhala naye ndapeza mabotolo anayi a mankhwala a chifuwa pansi pa matiresi onse opanda kanthu, chonsecho mwanayu sakutsokomola olo pang'ono. Masiku ano akungosinza masanasana, kumuyitana kuti adzadye mpaka nsima kuzizira. Ndinamva kuti ku America anthu akutha ndi mankhwala otere, kodi ndi omwewa?

Bambo a ku Biwi:
Mayi taonani pabotolopo ngati alembapo codeine. Ngati ilipo ndiye ndi mtundu umodzi ndi morphine, tramadol ndi heroin, aja amati ma opioid. Za ku America ndi zoona, mu 2022 mokha anthu pafupifupi 108,000 anafa atamwa mankhwala mopyola muyezo, ambiri ndi fentanyl yomwe mphamvu yake imaposa heroin ka 50. Komatu sanayambire pa fentanyl ayi, anayamba ndi mapilisi opha ululu olembedwa ndi adokotala m'ma 1990, monga OxyContin, atazolowera anasamukira ku heroin cha m'ma 2010 kenako fentanyl kuyambira 2013. Mabotolo anayiwo musawapeputse.

Nesi wa ku Kawale:
Chomwe chimapha ndi kupuma mayi. Mankhwalawa amachedwetsa mpweya, ndiye akaphatikiza ndi mowa kapena mapilisi ogonetsa a diazepam m'pamene zimaopsa kwambiri, ndipo achinyamatawa amaphatikizadi. Chimandiwawa n'choti kunyumba amamva munthu akuliza mkonono amati msiyeni waledzera agone, m'mawa apeza wazizira kale. Mukaona sakudzuka olo mumugwedeze, akupuma motalikitsa, milomo yasintha mtundu, kamwanadiso kachepa ngati nsonga ya singano, mugonekeni cham'mbali, musamumwetse mkaka kapena madzi angatsamwe, pezani galimoto muthamangire kuchipatala ndipo botolo mutenge. Kuli mankhwala otchedwa naloxone omwe amathetsa mphamvu ya ma opioid m'thupi. Ku America kuyambira 2023 amagulitsa popanda kalata ya dokotala, ndipo mu 2024 imfa zinatsika kufika pafupifupi 80,000, komabe amenewo ndi anthu ambiri zedi.

Malume a ku Chinsapo:
Chonde musayambe ndi chikwapu kapena kumuyalutsa pagulu, wanga ndinamukalipira anangosamukira kwa anzake ndiye zinaipiraipira. Khalani naye pansi m'mawa mutu uli bwino, mufunse anayamba liti, akugula kuti. Ku St John of God konkuno ku Lilongwe amathandiza za mankhwala ozunguza bongo. Achemwali anuwo auzeninso, musasenze nokha.

Mayi a ku 25:
Ndaona, palembedwadi codeine. Zikomo nonse, achemwali ndawayimbira akwera basi mawa m'mamawa, usiku uno ndizimusuzumira akagona.