Aphunzitsi a masamu, ndithandizeni pa nambala iyi: 720,720

Moni nonse pagulu pano. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2, ndipo masamu amawakonda kwambiri. Dzulo wabwera ndi nambala iyi, 720,720, akuti aphunzitsi awo awauza kuti ili ndi mafakita 240 (manambala amene amaigawa osatsala kanthu), ndiye akafufuze chifukwa chake. Tinakhala pamphasa ndi kope mpaka usiku.

Zina tazipeza tokha. Ikuthera ndi 0, choncho 2, 5 ndi 10 zikulowamo. Tikaphatikiza manambala ake tikupeza 18, ndiye 3 ndi 9 nazonso zikulowa. Chimene chinandisangalatsa ndi chakuti 720 yalembedwa kawiri, kutanthauza kuti ndi 720 kuchulukitsa ndi 1,001, ndipo 1,001 ndi 7 × 11 × 13. Mwanayu ndiye anazindikira zimenezi, osati ine. Tinayesa kuigawa ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 16, osatsala kanthu. Pa 17 mpamene inakana, inatsala 5.

Koma 240 ija yatikanika. Tinayamba kulemba mafakitawo limodzilimodzi, tinafika pa makumi asanu mutu wazungulira. Sindikufuna angoloweza yankho, ndikufuna amvetse. Kodi pali njira yowerengera popanda kulemba onse?

Yankho loyamba:
Bambo, mwayenda kale theka la ulendo. Iphwanyeni nambalayo mpaka mutsale ndi ma prime okhaokha (manambala oposa 1 amene amagawika ndi 1 ndi iwo eni basi): 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13. Fakita iliyonse imapangidwa posankha mwa amenewa. Ma 2 alipo anayi, ndiye mutha kusatenga ngakhale mmodzi, kapena kutenga mmodzi, awiri, atatu, anayi: njira zisanu. Ma 3 njira zitatu. Pa 5, 7, 11 ndi 13 n'kutenga kapena kusiya, njira ziwiriziwiri. Tsono 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 ndi 240. Koma musayambe naye pa nambala yaikuluyi. Mpatseni 12, amene ndi 2 × 2 × 3. Njira zitatu kuchulukitsa ndi ziwiri, zisanu ndi chimodzi. Awerenge yekha: 1, 2, 3, 4, 6, 12.

Yankho lachiwiri:
Kungowonjezerapo, 720,720 ndi LCM ya manambala 1 mpaka 16, kutanthauza nambala yaing'ono kwambiri imene onsewo amalowamo, n'chifukwa chake inakukanirani pa 17. Komanso palibe nambala yocheperapo imene ili ndi mafakita ofika 240. Zoterezi amazitcha highly composite numbers, ndipo Srinivasa Ramanujan wa ku India analemba za izo mu 1915.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri aphunzitsi. Wayesa pa 12 ndi pa 60, zatheka. Tsopano akufunsa kuti nanga nambala yaing'ono kwambiri imene 1 mpaka 17 zonse zingalowemo ndi iti. Ndamuuza achulukitse 720,720 ndi 17. Ndalondola?