PAYE ya mu Sage sikugwirizana ndi ya Excel, makalaliki agwira njakata

Wa Akaunti ku Chinamwali:
Anzanga ndithandizeni msanga. Abwana agula Sage ya payroll, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera malipiro a antchito, ati za Excel tiiwale. Wodzaiika anachokera ku Blantyre, anatiphunzitsa masiku awiri n'kubwerera, pano foni sakuyankha. PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro) ya mwezi uno yasiyana ndi ya Excel, ndipo pa 14, tsiku lomaliza loupereka ku MRA, payandikira. Makalaliki anga atatu kudina akudziwa, koma kupeza pomwe palakwika ayi. Abwana ayamba kale zoti anthu atatu achuluka. Ndiwaphunzitse chiyani anawa?

Mdala wa Leja:
Buku musataye. Ndanena.

Mayi a Payroll, Matawale:
Achimwene, yambani mwaona ma bracket a PAYE, magawo a malipiro owerengera msonkho, mwina anakuikirani akale. Kenako penshoni: 5% ya wantchito, 10% ya olemba ntchito. Kwathu makina ankadula zonse 15 kwa wantchito, miyezi iwiri yathunthu. Anatulukira ndi mlonda, atabwera ndi payslip yakale yopindapinda m'thumba la malaya. Manyazi ake!

Makalalikiwo asamangodina. Aliyense atenge ma payslip asanu, awerengere pamanja ndi kakyuleta, afananize. Munthu wodziwa kutsutsa makina sachotsedwa wamba.

Mdala wa Leja:
Eya, pamanja. Ndiye buku lomwe ndikunenalo. Magetsi akazima pa 13 mudzalowa mu Msonkho Online ya MRA, ya pa intaneti ija, ndi kandulo?

Kalaliki wa ku Domasi:
Madala, buku silitumiza return ya msonkho ku MRA. Koma chenjerani ndi password imodzi ofesi yonse. Kwathu inamatidwa pansi pa kiyibodi, wina anasintha nambala ya akaunti ya munthu, mpaka lero sitidziwa kuti ndani. Za Cashgate mu 2013 mwaiwala? IFMIS, makina a boma oyendetsera ndalama, inalipo, anthu ankalowetsa malipiro n'kufufuta.

Mayi a Payroll, Matawale:
Komanso levy ya TEVET, 1% ija, mumalipira chaka ndi chaka. Kafunseni ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, za maphunziro a antchito, abwana asamati ndalama palibe. Koma musaphunzitse mmodzi yekha. Ife tinatero ndi mtsikana wochangamuka kwambiri, satifiketi itangotuluka anapeza ntchito ku Lilongwe.

Mdala wa Leja:
Buku silipita ku Lilongwe.

Kalaliki wa ku Domasi:
Kodi alipo ali ndi nambala ya wokonza printer ya ma payslip? Yathu ikudya mapepala kuyambira Lolemba.